Tsiku limene ndinayala masamba pamsewu

Anthu akamva kuti ku Chiradzulu kunajambulidwa nyimbo ya jazi amaseka. Asiyeni aseke. Ine ndinalipo, ndipo piyano yake ndi yanga.

Piyanoyo ndinaitenga kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito kufupi ndi Nguludi, amene ankasungiramo mbewu ya nandolo. Tinaibweretsa pangolo, ndipo ng'ombe imodzi mpaka lero ikandiona imapatuka. Makiyi atatu salira chifukwa makoswe anadya zam'kati. Choncho nyimbo zanga zonse ndimapeka molambalala makiyi atatuwo, ndipo ophunzira a ku Blantyre amati kulambalalako ndi luso lozama. Sindiwatsutsa.

Tinalipo atatu. Ine pa piyano. Pang'oma panali alamu anga, achimwene a akazi anga, amene masiku ena amakonza njinga pa Namadzi. Ndiyeno atsibweni anga, kalipentala wakale, pa besi yoimirira imene anakhoma okha, yaitali kuposa eni ake. Sitinkaimba ndi pakamwa, ndipo nyimbo za eni sitinkazigwira. Anthu a m'mudzi ankamvetsera ola lathunthu, kenako n'kufunsa mwaulemu kuti timaliza liti kuchuna zida kuti tiyambe kuimba.

Atsibweni anali ndi nyimbo yawo imodzi imene anayamba kupeka ine ndisanamere ndevu. Koma nyamakazi inali itawalowa m'zala, ndipo mwana wawo wa ku Lilongwe anali atalamula kuti Lolemba abwera kudzawatenga, iwo ndi akazi awo. Besi anati mulibe malo ake m'galimoto.

“Mphwanga,” anandiuza, “nyimbo ija sili papepala, ili m'zalamu. Zala zikatseka sitolo, yapita.”

Ndiye Loweruka tinaitana wojambula nyimbo wochokera ku Limbe. Anafika ndi laputopu, mamaikolofoni ndi batire la galimoto, n'kutiuza zinthu ziwiri: ikakwana folo koloko akukakwera minibasi, ndipo akufuna chete wa mphindi seveni.

Chete wa mphindi seveni kwathu kuno sanaonekepo chilengedwere dziko. Nyumba yanga ili panjira yopita kuchigayo, ndipo munthu woleredwa bwino sadutsa khomo la mnzake ngati mbuzi.

Tinayamba bwinobwino. Tili pakati, panja panamveka, “Odi kuno!”

“Odini, amayi! Mwadzuka bwanji?” anatero alamu, ndodo zikugwirabe ntchito.

Wojambula anavula zam'makutu. “Akulu, osayankha.”

“Ndisayankhe? Amenewo ndi amene anandisambitsa nditangobadwa. Mukufuna ndikhale mwana wa ndani?”

Ulendo wachiwiri panadutsa wakabaza ndi wailesi yake. Wachitatu, wogulitsa bonya. Wachinayi, tambala wanga yemwe, amene tsiku lonse anali phee, analira ndendende pamene atsibweni amayamba gawo lawo. Tinabwereza maulendo khumi ndi umodzi. Ndikulumbira, pa ulendo wachisanu ndi chitatu anatisokoneza ndi munthu amene anabwera kudzatiuza kuti iye akhala chete.

Zala za atsibweni zinatupa ngati chinangwa. Anaziyang'ana, n'kuyang'ana ine.

“Watsala ulendo umodzi m'zalamu. Awiri mulibe.”

Ndinawasiya akuviika manja m'madzi ofunda, ndinatuluka panja kukaganiza. Kodi n'chiyani chimene chimatontholetsa anthu a kwathu? Si apolisi. Si abambo mfumu. Ndi masamba. Pakagwa maliro timayala nthambi zaziwisi pamsewu uku ndi uku, ndipo aliyense amadziwa chochita: wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wawailesi amazimitsa. Ndinatenga chikwanje n'kulunjika kumtengo wa mango.

Alamu ananditsatira. “Alamu, zimenezi ndi malodza. Mukuitana imfa.”

“Ndi msewu wathuwu? Imfa ikanyamuka lero ifika Lachitatu, atsibweni atapita kale.”

Anapukusa mutu, koma nthambi za mbali ya kuchigayo anayala ndi iwowo. Atsibweni sitinawauze. Tinatseka chitseko ndi mawindo, n'kudikira pafupifupi ola kuti zala ziphwe.

Kenako tinaimba. Abale, chete wake! Ndinkamva chiswe chikutafuna phaso kudenga. Alamu anasiya ndodo n'kumasisita ng'oma ndi timitsatsa ta tsache, pang'onopang'ono ngati munthu wosesa pakhomo anzake akugona. Ine ndinayala mawu a piyano pansi, atsibweni n'kuyendapo. Besi ija inayamba ngati mvula ikamamveka kuseri kwa phiri isanafike, inakwera, inazengereza, inatsikanso. Pamalo ena chala chinakana, iwo anangosiya mpata, ndipo mpatawo unakoma kuposa mawu amene amayenera kukhalapo. Zaka zonsezo ndinali ndisanaimve nyimbo ija yathunthu. Tsiku limenelo ndinaimva.

Nditatsegula chitseko ndinapeza pabwalo padzaza. Abambo anakhala mbali yawo pansi pa mango, zipewa m'manja. Amayi mbali yawo, miyendo atatambasula, ena atabwera ndi nkhuni, ena ndi ufa m'mbale. Wogulitsa bonya uja anali akupukuta misozi.

Bambo wina wachikulire anandigwira dzanja ndi manja awiri. “Pepani, pepani. Nyimbo yachisoni chotere sitinaimvepo. Malemu anali munthu wabwino kwabasi. Kodi ndi ndani?”

Ndisanayankhe, kumsewu kunamveka kulira kwenikweni. Anali akazi awo a atsibweni. Uthenga unawapeza kumsika kuti kwa mphwawo wa amuna awo kwayalidwa masamba, komwe mkulu wodwaladwala uja analowera m'mawa. Anthu okwana handiredi, ndipo sindikuwonjezera, amachitira umboni kuti amayi amenewa anapitirira njinga yamoto pachitunda.

Analowa m'nyumba mpango uli m'manja, ine ndili pambuyo pawo, n'kupeza amuna awo atakumbatira besi.

“Muli moyo?”

“Ndili moyo, mayi.”

“Nanga wamwalira ndani?”

“Palibe.”

“Ndiye dikirani pompo, apezeka.”

Atsibweni analoza ine ndi chala chotupa chija. Pakhomo panali pothina, ndiye ndinatulukira pawindo limene ngakhale mphaka amaganiza kaye.

Zinandikhalira. Lamulungu lonse ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa, ndipo ndinayenera kutero. Masamba si choseweretsa, sindinabwerezenso. Amene anabwera ndi ufa anakana kubwerera nawo, ndiye tinaphika pompo, ndipo tambala wosokoneza uja anakhala ndiwo. Pamudzi pano ndi yekhayo amene masamba aja anamulosera zoona.

Wojambula anakwera minibasi yake nthawi yabwino. Asananyamuke anatiuza kuti anaiwala kuzimitsa makina, choncho kumapeto kwa nyimbo kunalowa mawu a akazi a atsibweni, koma akadula akafika ku Limbe.

“Mukadula, mwadula ine,” anatero atsibweni.

Lolemba anapita. Besi inatsala kwa ine, yaima pakona pafupi ndi piyano. Zala zawo tsopano zinapindika, ngakhale batani la malaya amawamangira ndi adzukulu. Koma nyimbo ili pafoni yawo, ndipo ndikumva kuti mlendo aliyense wofika pakhomopo amamukhazika pansi mphindi seveni, osamulola ngakhale kutsokomola, mpaka besi itatsika komaliza, pakhale kachete pang'ono, kenako amayi afunse kuti, “Muli moyo?”

Akuti nthawi zonse atsibweni amayankha.