Nsonga ya Pini M'chidendene

Ndimaionabe pini ija ili pachifuwa pa amayi, ikunyezimira padzuwa la Domingu, tsiku lopita kutchalitchi. Linali duwa lachitsulo la timiyala tofiira tisanu, kumbuyo kwake kuli kasingano kotsekera. Amayi anabwera nayo kuchokera ku Zambia komwe anathawira nkhondo, ataimanga pamfundo ya kapulana, chitenje chawo. Mapoto ndi mabulangete anasiya m'njira, koma iyo ayi. Ankaivala popita kutchalitchi basi, akabwerako n'kuipukuta, n'kuibisa m'chitini pansi pa bedi.

Chaka chimenecho masuku anabereka mochititsa mantha kumapiri a ku Chiputo, mudzi wonse ukununkha makoko owola. Ine, kamtsikana kamatama ka zaka khumi, ndinaba pini ija kuti anzanga akandione nayo kokatola masuku. Anandionadi, ndipo ndinayenda ngati mkazi wa bwana! Pobwerera ndinaponda munga wa mthethe, ndipo poti panalibe singano, ndinatsegula pini ya amayi n'kuyamba kutokosa nayo chidendene. Nsonga inathyokera momwemo, thyo! Mantha atandigwira, duwa lija ndinaliponya m'una wa pachulu.

Amayi atapeza m'chitini mulibe kanthu, maganizo awo anagwera pa aNaphiri, mkazi wa amalume, amene ankalowa m'nyumba mwathu kudzabwereka sefa. Amayi anawalalatira pachitsime anthu onse akumva, ati anthu osayendako amasirira chilichonse chowala. ANaphiri anangosenza ndowa yawo n'kumapita. Kuyambira pamenepo azimayi anzawo ankabisa sopo iwo akatulukira, ndipo kutchalitchi ankakhala okhaokha pabenchi. Ine zonsezi ndinkaziona, ndili duu, ndikubisa kutsimphina kwanga. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo sananame.

Patapita sabata phazi linatupa ngati dzungu, ndipo wodziwa kutumbula zithupsa pamudzi ponse anali aNaphiri omwewo. Anabwera okha osaitanidwa, amayi ali kumunda. Anandikhazika pamphasa, n'kuotcha lumo, n'kucheka. Mafinya atatuluka, kachitsulo kaja kanatulukanso. Anakaika pachikhatho n'kukayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine. "Unali munga, mwanangu," anatero, n'kukaponya pamoto. Bala anamanga ndi kansanza kong'amba ku kapulana yawo.

Ndinadikira kuti aulule, koma sanaulule. Ine ndinkangoti mawa ndinena, mawa ndinena, mpaka mvula inagwa, chiswe chinamata una uja, ndinakula n'kukwatiwa ku Malowera. Amayi anamwalira akukhulupirirabe kuti mlamu wawo ndi wakuba, ndipo manyazi a zimenezi amandidya mpaka lero. Masiku ano mapini otere ali mbwee pamsika, atsikana amabaya pazipewa ndi pazikwama, koma ine sindiyandikirako. ANaphiri akadali moyo, akuyendera ndodo. Ndikapita kukawaona amandilandira ndi manja awiri, ndipo amafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati phazi lija linapola. Ndimayankha kuti linapola, maso ali pansi.