Mapazi a Esinati

Ine Nabanda wa kwa Chulu, ndinanyamuka chaka chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni, bambo a Esinati n'kulowera ku Joni osatsanzika. Ndinati toto, sindifera m'chigafa ngati khoswe. Esinati ndinasiyira akulu anga, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo atachoka kumene, ine ulendo wa ku Limbe kukagwira ntchito kwa Amwenye. Ndinamuuza kuti mvula ikamayamba ndabwera. Mvula inayamba, inatha, inayambanso, ine ndili kukhitchini kwa eni.

Kumeneko kuli chikondwerero chawo, amati Navaratiri, masiku asanu ndi anayi, nthawi ya dzuwa lija timafesa nazale kwathu kuno. Amalemekeza mulungu wawo wamkazi, wokwera mkango, manja ambirimbiri, ndipo amangomutcha Amayi. Kukongola kwake, anthuni! Nyama osadya, anyezi osakhudza, adona kusala kudya, madzulo akazi kuvina mozungulira nyali, kuwomba m'manja ngati chimtali chathu, ine miyendo kundiyabwa ndili pa mbale zotsuka.

Tsiku loyamba amafesa tirigu m'mbale yadothi. Akamera wobiriwira, ndiye kuti Amayi akondwa, chaka chiyenda bwino. Wa adona anga ankamera wachikasu, wotayanatayana. Ine wokulira pa nazale ndinalephera kutseka pakamwa. Ndinati dothi lanu ndi lamakande, madzi mukuchulutsa, mbewu mwakwirira ngati maliro. Chaka chotsatira ndinasefa dothi ndekha, ndinasakaniza ndi mchenga, madzi kumangowaza ndi zala. Tirigu uja biriwiri, kuthithikana, alendo kumabwera kudzaona. Adona anandigwira manja onse awiri nati, "Awa ndi manja amwayi." Ndinavina, chitsiru ine, ndinavina osadziwa kuti chingwe ndadzilukira ndekha. Kuyambira apo, mwezi umenewo tchuthi kunalibe.

Tsiku lachisanu ndi chitatu ankaitana tiatsikana tisanu ndi tinayi ta abale awo. Adona, mayi wolemera, zibangili m'manja, kugwada pansi, kutisambitsa mapazi, kutipaka kofiira pamphumi, kutidyetsa zotsekemera, ati mwa mwana wamkazi aliyense mumakhala Amayi. Wofunditsa madzi ndinali ine, wonyamula beseni ine, wokataya kuseri ine. Ndikamataya ndinkafunsa mumtima kuti mapazi a Esinati wanga akusambitsa ndani, fumbi la kwa Chulu lofiira lija.

Ndalama ndinkatumiza, musandinamizire. Yunifomu, nsapato, sopo, zonse zinkachoka m'manja muno. Pa foni ndinkafunsa, wadya? Iye, ndadya. Basi nkhani kuthera pomwepo.

Ndiye chaka china, tsiku lachiwiri la chikondwerero, foni ya akulu anga. Esinati anali atakwatiwa, ali woyembekezera, ali kuchidikiro ku Nkhamenya, anamwino akuti mwana wakhala mopingasa. Ati akuitana amake. Ndinapita kwa adona chikwama chili kale m'manja. Iwo anayang'ana mbale ya tirigu, atangotumphuka kumene, nati, "Masiku asanu ndi awiri okha, Nabanda. Akafota uyu titani?"

Sanandimange. Geti linali lotsekula, basi ya ku Kasungu ndinkaidziwa pokwerera. Ndinaopa ntchito, ndinaika chikwama pansi, ndinakawaza madzi. Esinati anam'panga opaleshoni, mwana wamkazi anapulumuka, wogwira dzanja anali akulu anga. Ine tsiku lomwelo ndinali ndi thaulo paphewa, kupukuta mapazi a ana a eni.

Mawondo atandikana ndi ukalamba ndinabwerera kumudzi, bulangete latsopano pamutu, nthungululu zanga ndekha kuyambira kumsewu. Ndinapeza Esinati akutchula akulu anga kuti amayi. Ine dzina langa a ku Limbe. Mdzukulu wanga nayenso, agogo a ku Limbe, akubisala kuseri kwa chitenje cha amake.

Dzuwa lija litafika, tsiku lina Esinati anabwera kuchokera ku nazale, mapazi ming'alu yokhayokha, matope mpaka m'akakolo. Ndinafunditsa madzi, ndinatenga beseni, ndinagwada pakhonde ndi mawondo anga owolawa, kanyimbo kali pakamwa. Ndinati khala apa mwana wanga, ndikusambitse.

Anandiyang'ana, osakwiya, osaseka.

"Dzukani, a ku Limbe, anthu akuona. Mapazi awa ndinazolowera kutsuka ndekha. Madziwo musataye, kathirireni mbande."

Ndinadikira azizire, ndinapita kudambo, ndinakawaza ndi zala monga ndidziwira. Mbande za Esinati chaka chimenecho zinali biriwiri, mudzi wonse kubwera kudzaona. Manja amwayi, eya, manja amwayi.