Adzayamba ndi Tambala Wopanda Mchira

Dzina lakuti Adzayamba anamupatsa ndi mlongo wake, ndipo linamukakamira mpaka ana a m'nyumba zoyandikana ankayesa kuti ndi la ubatizo. Waulesi sanali, tisamunamizire mayi wa eni. Ankadzuka m'mamawa kuposa aliyense mumsewu wawo. Vuto lake linali lakuti chinthu chilichonse ankachikonda chisanayambike. Pansi pa bedi lake panali nsapato zothamangira zosadziwa fumbi. Pamwamba pa kabati panali mathini ophikira makeke, mapepala a kusitolo akadali pomwepo. Kuseri kwa chitseko kunatsamira gitala amene ankalira pokhapokha mphepo ikamenyetsa chitsekocho.

Ntchito nayo inamupeza yomuyenera. Anali wosunga katundu pa kampani ina yopanga sopo, m'chipinda chopanda zenera chodzaza mashelefu. Ukapita kukapempha cholembera ankakuyang'ana ngati wapempha impso, kenako n'kufunsa kuti chakale chija chatha bwanji. Bokosi losatsegula linkamukhazika mtima pansi.

Amayi ake ankakhala kwa mlongo wake uja, m'chipinda chakumbuyo. Thupi linali litakalamba, koma pakamwa ayi. Chaka chimenecho adokotala anawauza kuti maso awo akuzima pang'onopang'ono, ndipo magalasi kapena opaleshoni sizithandiza. Lamlungu lotsatira anaitana mwana wawo wamkazi, natulutsa kansalu m'sutikesi.

Inali nsalu yopeta timitanda, ija yokhala ndi tizibowo m'mizeremizere, yomwe umapingasa ulusi uku ndi uku mpaka timitanda tambirimbiri tipange chithunzi. Chithunzi chake chinali cha tambala. Mutu unalipo, chifuwa chofiira chinalipo, miyendo inalipo. Mchira panalibe.

"Ndinamuyamba abambo ako ali moyo," anatero amayi. "Tizibowoti sindikutionanso. Umalize mchirawu, ndimuone ali wathunthu maso asanatseke."

"Musadandaule amayi. Mwezi uno womwe."

Mlongo wake, amene anaima pakhomo ndi kapu ya tiyi, anatsokomola ngakhale analibe chifuwa.

M'mawa mwake Adzayamba anapita kusitolo ya zosokera. Mwini sitoloyo, mayi wosadziwa kukometsa malonda, anamuuza kuti woyamba kumene safuna zambiri: singano yobuntha nsonga kuti isang'ambe nsalu, mkombero wamatabwa womangirapo nsalu kuti ikungike, kasizasi, ndi ulusi. Basi.

Adzayamba anamva ngati wanyozedwa. Ntchito ya amayi ake n'kuigwira ndi tinthu tokwana m'dzanja limodzi? Anagula mkombero waung'ono, wapakati ndi waukulu, poti sankadziwa umene tambala angakonde. Anagula singano za misinkhu yonse. Kasizasi anasankha kooneka ngati mbalame ya mlomo wautali, kokongola kwambiri moti anagula kena kodulira kuti koyambako kasabunthe. Anagula chovala kuchala chachitsulo, ngakhale mwini sitolo anamukumbutsa kuti singano yobuntha sibaya munthu. Anagula bokosi la tizipinda losungiramo ulusi, ndipo mwezi umene analonjeza uja unathera pokulunga ulusi pa timakatoni ndi kuusanja kuyambira wowala mpaka wakuda. Kunena zoona, bokosilo linkakongola. Alendo akabwera ankawatsegulira kuti aone, koma osakhudza.

Kenako anaona kuti sangayambire pa nsalu ya amayi asanaphunzire. Anagula nsalu yophunzirirapo. Itafika kunyumba inaoneka yoyera bwino kwambiri, yosayenera kuonongedwa ndi manja a wophunzira, choncho anagula ina. Panabwera nyale yopindika khosi, panabwera galasi lokuzira zinthu lokoleka m'khosi. Mwini sitolo anayamba kumupatsa mpando akangolowa.

Lamlungu lililonse amayi ankafunsa funso lomwelo.

"Tambala wanga ali pati?"

"Zatsala pang'ono kukwana, amayi."

"Zokwana ndi ziti? Ukumanga nyumba kodi?"

Chimene chinatsala chinali ulusi wobiriwira. Nthenga ziwiri zimene amayi anayamba kale pa tsinde la mchira zinali zitasuluka ndi zaka, ndipo wobiriwira aliyense wa m'sitolo ankaoneka wolakwika akauika pafupi. Wina unali wowala kwambiri, wina unkapendekera ku chikasu. Adzayamba anayenda tauni yonse ndi kachidutswa ka ulusi wakalewo m'kachikwama, akutulutsa ogulitsa panja kuti akayerekeze padzuwa. Pomaliza anaitanitsa wina kuchokera kutali, n'kukhala pansi kudikira ndi mtima woyera wa munthu amene wachita mbali yake.

Nthawiyi n'kuti amayi atayamba kuthira tiyi pambali pa kapu. Tsiku lina anapereka moni kwa jekete lopachika pachitseko, ndipo atauzidwa anati jeketelo lili ndi ulemu kuposa ana awo chifukwa silinama.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi," anatero Adzayamba.

"Nkhonoyo maso ili nawo. Anga ndi amene akupita."

Pomuperekeza kugeti, mlongo wake anasiya nthabwala. "Achemwali, zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngati zakukanikani nenani, tipeze munthu amalize."

Mawu amenewo anamupsetsa mtima sabata yonse. Munthu wina, wopanda ngakhale bokosi la tizipinda, agwire tambala wa amayi ake?

Ndiye panafika Lamlungu lina lowala bwino. Adzayamba anaima pakhomo la chipinda chakumbuyo, dzuwa lili phwee, atavala diresi lake lofiira limene amayi ankalinena kuti limaoneka uli kutsidya kwa msewu. Amayi anatembenuka, nayang'ana molunjika pomwe anaima.

"Ndani?"

Adzayamba anayankha kuti ndi iye, anakhala pang'ono, koma zimene anacheza sanazimve.

Lolemba pa nthawi ya chakudya chamasana anadzitsekera m'chipinda chake cha mashelefu, namanga nsalu ya amayi pa mkombero umene unali pamwamba m'chikwama. Anatenga wobiriwira amene dzanja linagwira. Ulusiwo umabwera wopota timaulusi tisanu n'kamodzi, ndipo umayenera kupatula tiwiri tokha. Iye anakoka tonse pakamodzi, n'kupanga mfundo yonga chisa cha mpheta. Anadula, anayambanso. Timitanda toyamba tinapendama, anatimasula. Galasi lokuzira zinthu linamuchititsa chizungulire, analivula. Chovala kuchala chinagwa n'kugubudukira pansi pa shelefu, ndipo chikadali komweko. Amene anabwera kudzapempha zolembera masiku amenewo anadabwa kupatsidwa bokosi lonse kudzera pa mpata wa chitseko.

Mchira unatha m'milungu yochepa chabe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamupweteka koposa. Unapindikira pang'ono kumanzere ngati tambala wayenda pamphepo, wobiriwira wake sunafanane ndi wakale, koma unali mchira.

Akanatha kukwera basi tsiku lomwelo. Koma munthu sasintha ngati malaya. Nsalu inafunika kuchapa, inafunika kusita, ndipo ntchito yotere sungaipereke m'manja ngati kansanza. Anapita nayo kwa mmisiri wa mafelemu. Anasankha thabwa, anasintha maganizo, anasankhanso. Anafuna galasi lochindikala, ndi kumbuyo kotseka bwino kuti fumbi ndi mphemvu zisalowe. Mmisiri anati galasi lotero alibe, adikire libwere. Anadikira.

Tsiku lopereka anapeza amayi atakhala pafupi ndi zenera, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera kutentha kwa dzuwa. Mlongo wake anaima pakhomo, ulendo uno wopanda chifuwa.

"Amayi, ndabwera naye tambala wanu."

"Ndipatse kuno."

Anaika felemu m'manja mwawo. Amayi anadabwa kulemera kwake. Anaikweza pafupi ndi nkhope, anaitembenuzira kuzenera, anaisendeza kutali, anaibwezanso pafupi. Kenako anaitsitsa pamiyendo mwakachetechete, nayamba kufufuza ndi nsonga za zala. Zala zinayenda kuchokera ngodya ina kufika ina, zinabwerera, zinayendanso.

"Wamuika kuti?"

"Ali m'katimo, amayi. Kuseri kwa galasi, kuti asade."

"Oho." Zala zinaima. "Wasalala bwino."

Adzayamba akanakonda amutukwane. Amayi amene sanasowepo mawu obaya anangofunsa motsitsa mawu, chala chili pagalasi, kuti mchirawo uli mbali iti. Adzayamba anagwira chala chawo n'kuchiika pamwamba pa nthenga zobiriwira. Galasi linali lozizira pamenepo monga linalili paliponse.

Anawalanda felemuyo n'kuitembenuza. Mmisiri anali atagwira ntchito yake mokhulupirika: timisomali m'mbali monse, pepala lomata pamwamba pake. Adzayamba anayesa kumatula ndi zikhadabo, chimodzi chinathyoka.

"Achimwene, mpeni," anatero Adzayamba.

Mlongo wake anathamangira kukhitchini. Kunamveka kukoka kwa madirowa ndi kulira kwa masipuni. Amayi anadikira pampando wawo, manja atatambasula pamiyendo, zikhatho zitayang'ana kumwamba.