Chiuno cha a Merle Chinalira M'tchalitchi

Chiuno cha a Merle Hostetler chinayamba kulira tsiku Lamulungu, anthu ali zii kupemphera chamumtima. Atangoti agwade, kwiii! Abusa anatsegula diso limodzi kuyang'ana kuchitseko.

Kwathu ku Warsaw, ku Indiana, banja lililonse lili ndi wina wogwira ntchito kufakitale ya ziuno ndi mawondo oikirira. A Merle anakalambira komweko, akusalalitsa timipira tolowa m'malo mwa mutu wa fupa la ntchafu. Ukawapatsa khofi, basi wadziputira.

"Thupi ndi mpongozi, sililandira mlendo wamba," ankatero. "Akale anayesa minyanga ya njovu, linakana. Galasi, linaswa. Koma chitsulo cha titaniyamu fupa limachita kuchikumbatira."

Chiuno chawo chobadwa nacho chitatha, adokotala anati aike kampira kozungulira m'kachikho ka pulasitiki. A Merle anakana, amvekere pulasitiki imaperepeseka. Anasankha dongo lowotcha, mbale wake wa makapu a tiyi, kampira ndi kachikho komwe. Ndiye madongo awiriwo ndi amene ankaimba.

Vuto linali ukwati wa mwana wawo wamkazi Lorene, amene anafuna bambo ake amuperekeze mpaka kuguwa.

"Adadi, chikalira ndidzaseka, ndipo ndikaseka sindisiya."

"Sichilira," anatero a Merle.

Adokotala anati palibe choopsa, koma kuchitontholetsa n'kung'ambanso, ndipo ukwati ukanawapeza pa ndodo. A Merle anachita zimene ankachita makina akamalira: kumvetsera pamene pakukhulana. M'mawa uliwonse, chisanu chili mbuu, ankayenda pakhomo pawo khutu lili m'chiuno, uku mayi Wanda Stutzman oyandikana nawo akuonerera pawindo. Akatalikitsa phazi, kwiii. Akafupikitsa, kwi. Anagwa m'chipale chofewa, anadzuka. Potsiriza anaipeza njira: mapazi kutagadza, timasitepe tating'ono, matako kumbuyo.

Pa tsiku la ukwati anamuyendetsa mwanayo kuyambira pakhomo mpaka kuguwa, thukuta kamukamu, chiuno chili duu. Lorene sanaseke. Mapewa a anthu m'mabenchi okha ndi amene ankagwedezeka.

Pamadyerero a Merle anafika kwa mayi Wanda chifuwa chili patsogolo.

"Wamvako kanthu, Wanda?"

Mayiwo anameza keke kaye.

"Ukanangochisiya chilire, Merle. Mwana wabwinobwino waperekezedwa ndi bakha."