Mawu a Amayi Pansi pa Mzere

Amayi anga atafa ziwalo mbali ya kumanja, mawu awonso anachepa. Ine ndimakonza mafoni m'kachipinda koyang'ana kumsewu wa kumalire, iwo amagona kunyumba ya kuseri, ndipo pakati pathu pali bwalo, khola la nkhuku ndi phokoso la njinga zonyamula chimanga. Akaitana sindinkamva.

Ndiye ndinatenga kompyuta yakale, n'kupachika maikolofoni kumutu kwa bedi lawo, n'kulemba pulogalamu yoyeza kukula kwa mawu. Pasikirini ndinaika mzere. Mawu akadutsa mzerewo, kompyuta inkatsegula magetsi opita ku buzina ya njinga yamoto imene ndinakhomera pakhomo panga, buzinayo n'kulira. Ndinatha masiku atatu ndikutsitsa mzerewo pang'onopang'ono, mpaka amayi ankaufika osadzipweteka pakhosi.

Vuto linali tambala. Akalira pafupi ndi zenera, buzina nayo inkalira. Ndinkathamanga, kupeza amayi ali m'tulo, n'kubwerera. Amuna anga ndiwo ankadandaula, ngati kuti miyendo yothamangayo ndi yawo.

Tsiku lina ndinawoloka malire kupita ku Muloza kukagula mabatire. Mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi, choncho tinapangana kuti buzina ikalira akaitane mayi oyandikana nafe. Amuna angawo, munthu wosadziwa ngakhale kulumikiza waya, tsiku limenelo anasanduka injiniya. Tambala atawathamangitsa kawiri, anakoka mzere uja n'kuukweza. Kenako anaima pawindo n'kukuwa kuti odi, ndi mawu awo ogulitsira nyemba pamsika. Buzina inalira, iwo n'kukhutira kuti zonse zili bwino. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwira.

Ndinabwera dzuwa litapendeka. Amayi ndinawapeza pansi, pakati pa bedi ndi khoma, dzanja lakufa lija ataligonera, chitenje chitanyowa, milomo itauma gwa. Anagwa m'mawa pofuna kufikira kapu ya madzi. Amuna anga anali pakhonde, akusankha nyemba.

Ndinawalalatira mpaka anthu a mumsewu anaimitsa njinga. Iwo ankangobwereza kuti buzina sinalire, akanadziwa bwanji. Inde sinalire. Anaiyesa ndi kukhosi kwa munthu wokhuta, pamene ine ndinaiyesa ndi kwa wodwala.

Nditawasambitsa amayi n'kuwagoneka, ndinatsegula zimene pulogalamu inasunga. Kuitana kwawo konse kunali pamenepo, kuyambira m'mawa mpaka masana, kakhumi ndi kanayi. Kulikonse kunadutsa pamene panali mzere wanga, kulikonse kunalephera kufika pa mzere wa amuna anga. Chakumapeto kunkangochepera.

Ndinabwerera kuchipinda kwa amayi, n'kuwafunsa chifukwa chimene sanakuwire ndi mphamvu zawo zonse, poti munthu anali pakhonde pomwepo.

"Ndinaitana monga unandiphunzitsira," anatero. "Koma kukuwira mkamwini ngati ndikupirikitsa mbuzi, ine ayi. Usawakalipire bambo, mwanawe. Mwina ndinawatopetsa."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa zonse za tsikulo. Wagona pasimenti kuyambira m'mawa ndi iwo, wopepesanso ndi iwo.

Mzere ndinaubweza, kompyuta ndinaitseka ndi nambala yachinsinsi, ndipo sindiwolokanso popanda kusiya munthu wamkazi pakhomo. Koma amayi anasiya kuitana. Akamva ludzu amangodikira mpaka ine ndilowe ndekha.