Tsiku limene ndinasesa zinyalala za mufilimu

Ine ndinaleredwa kuti pakhomo amasesa dzuwa lisanakwere, ndipo ngakhale kuno kwa azungu, ku Thamesmead, sindinasiye. Khonde lathu ndi lalitali, lodutsa pa zitseko za mafulati onse a m'mwamba muno, koma mbali yanga ndi ya aneba anga ndimasesa ndine.

Anebawo ndi agogo achizungu, okhala okha. Analowa m'fulatimo ali mtsikana, nyumbazi zikadali zatsopano, ndipo mayi awo anamwalirira momwemo. Chaka china kunabwera anthu opanga filimu, ati akufuna kuonetsa moyo wa atsikana a m'mabanja osauka pa zaka zimene agogowo anali pasukulu. Anasankha chitseko chawo. Agogo kusangalala kwake ngati pakhomo pagwa ukwati. Anapenta chitseko, anachapa makatani, anagula maluwa a m'miphika.

"Anthu aone mmene mayi anga ankasamalira pakhomo," anandiuza choncho. Mayi awowo ankagwira ntchito m'fakitale, koma sitepe ya pakhomo ankaikwecha Loweruka lililonse.

M'mawa wa tsiku lojambula ndikutuluka, koma abale! Pakhonde zinyalala zili mbwee: mabotolo a mowa, zotsalira za ndudu, mapepala a chipisi, matewera, pulamu ya mwana yopanda tayala. Maluwa aja kulibe. Chitseko chopenta chija achipaka zakuda ngati mwaye. Ndinati ndi ana a ndani opanda mwambo achita zimenezi pa tsiku la agogo? Ndinatenga tsache, kusesa, kukolopa, zonse mubini. Chitseko ndinachipukuta mpaka chinawala.

Ndiye kunafika kamtsikana ka gulu la filimulo, chizungu chake chotulukira m'mphuno, cha ana a kumpanda. Kanagwira kumutu. Eti zinyalala zija zinali zawo! Anabwera nazo pa lole kuchokera ku Wembley, zili m'mabokosi, n'kuziyala dzulo lake madzulo, botolo lililonse pamalo pake. Ndiye kuti pali munthu anapita kuyunivesite, makolo ake n'kumanyada, kukaphunzira kuyala matewera pakhomo pa eni.

"Mayi, mwationongera ntchito," kanatero kamtsikanako. "Nthawi imeneyo kuno kunkaoneka choncho."

"Iwe unalipo?" ndinakafunsa. Mwana wobadwa dzana.

Agogo anali atatuluka, tsitsi atapesa bwinobwino. Anati motsitsa mawu, "Sikunali choncho, mwanawe."

Kamtsikana kanamwetulira kumwetulira kwawo kuja kwa mano okha, n'kuti, "Tikufuna zioneke zenizeni." Kenako anzake anakavuula zinyalala mubini n'kuziyalanso.

Zenizeni zawozo ine ndimazidziwa. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo masana pakanema mafilimu otere satha. Mtsikana wa olemera amawerenga buku pa kapinga, akalira amalira mwaulemu, misozi iwiri basi. Wa osauka ndiye chingamu m'kamwa, ndudu kumanja, mimba yopanda mwini, mayi ake chidakwa chotukwana pawindo. Mungayese kusauka n'kudana ndi madzi. Opanga ake amakalandira mphoto atatchena masuti, ati ayankhulira osauka. Asa! Anawatuma ndani?

Filimu itatuluka, agogo anandipempha kuti ndiwaperekeze kukaonera. Ndinayesa kuzemba, koma anali atavala kale chikhoti chawo cha kutchalitchi. Mumtima ankayembekezabe kuti mwina penapake aonetsa mtsikana wonga iwo, wopita kusukulu nsapato atapolisha.

Chitseko cha agogo chinaoneka pakanema, nambala yake yomweyo. Chitatseguka panatuluka mayi wovala zogonera masanasana, botolo kumanja. Anaponya zovala za mwana wake wamkazi pakhonde, kumutukwana, kenako n'kulavula pa sitepe. Anthu m'holomo anaseka, ena mpaka kuwomba m'manja. Agogo anagwira chikwama chawo ndi manja onse awiri mpaka filimu inatha.

Tinakwera basi yobwerera. Tili m'njira agogo anati, "Aliyense woonera uja aziti mayi anga anali otero."

"Ndi filimu chabe, agogo," ndinatero. Koma mtima unali utandipsa moti akanakhala pafupi mwana wa mano okha uja, ndikanamusesa pamodzi ndi matewera akewo.

Kutacha ndinamva kukwecha panja. Nditatsegula ndinapeza agogo, ndi mawondo awo otupa aja, atagwada pa sitepe ndi bulashi ndi ndowa. Sitepeyo inali yoyera kale, ndinali nditaikolopa ndekha dzulo lake.

"Agogo, dzukani," ndinawauza. "Palibe litsiro apa."

Sanadzutse n'komwe mutu.

"Analavula apa," anatero.