Diresi lachikasu la Lute

Lachiwiri masana ndikutsuka nsapato pakhomo, amake Lute, amene tinayandikana nawo nyumba kuno ku komboni yathu ya Chawama, anabwera foni ili m'manja, nkhope ili yowala.

"Ba neba, onani mwana wanga mwamene awamila. Manje na Tisa ayenda pa Chisanu."

Lute ndi mwana wawo woyamba. Anachoka miyezi isanu yapitayo, atatengedwa ndi bambo wina wa kutchalitchi kwawo amene amati amapezera atsikana ntchito m'mahotela a kunja. Chichokereni, palibe amene anamvapo mawu ake. Bamboyo amati mabwana a kumeneko salola mafoni, choncho uthenga wonse umadzera mwa iye. Tsopano anali atatumiza chithunzi, n'kunena kuti malo ena apezeka a Tisa, mng'ono wake wa Lute. Basi inyamuka Lachisanu m'mawa.

Pachithunzipo Lute waima pafupi ndi dziwe losambiramo la hotela yaikulu, wavala diresi lachikasu, akumwetulira. Ndinayamba ndasangalala nawo. Kenako ndinayang'anitsitsa. Mipando inali ndi mithunzi, mitengo inali ndi mithunzi, koma Lute analibe. Munthu angaime padzuwa lotere wopanda mthunzi?

Ine si katswiri. Chimene ndimadziwa n'chakuti pa intaneti ukhoza kufufuza ndi chithunzi m'malo molemba mawu, ndipo imakusonyeza kwina kumene chithunzicho chinaonekapo. Ndinapempha kuti anditumizire, ndinachiika, tinadikira netiweki yathu yaulesi ija. Chinatuluka pa tsamba lotsatsa zipinda za hotela. Dziwe lomwelo, mipando yomweyo, thaulo lomwelo lili pampando. Pamene panaima Lute panalibe munthu.

Amake Lute anabweza foni yawo pachifuwa.

"Imwe ba neba, ni jelasi chabe. Uja ni munthu wa Mulungu, tipemphela naye. Mufuna bana banga bankhale mu komboni mpaka liti?"

Zinandipweteka, koma sindinawaimbe mlandu. Ndikanakhala ine, ndikanasankha chiyani: kukhulupirira mneba wotsuka nsapato, kapena chithunzi chonena kuti mwana wanga ali moyo ndipo akudya bwino?

Apa n'kuti Tisa atafika, akusuzumira paphewa pa mayi ake. Anatenga foni n'kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri.

"Amai, iyi dilesi si ija nachapa lelo?"

Tonse tinatembenuka. Pa chingwe, pakati pa nyumba yawo ndi yanga, panali diresi lachikasu likudontha madzi. Lute analisiyira mng'ono wake pochoka. Tisa anatsegula tsamba lake la pa intaneti n'kupeza chithunzi cha chaka chatha, pa ukwati wina ku Matero: Lute, diresi lomwelo, kumwetulira komweko, dzanja m'chiuno chimodzimodzi. Wina anangomudula pamenepo n'kukamumata pa hotela.

Amake Lute anakhala pansi pa dothi. Sanalire. Anangofunsa, motsitsa mawu, "Nanga mwana wanga ali kuti?"

Abale, tili ndi chizolowezi choipa. Munthu akatiuza nkhani ndi pakamwa timatha kukayika, koma akationetsa chithunzi timati taona ndi maso athu. Taona chiyani? Taona zimene wotumizayo wafuna kuti tione. Masiku ano mwana wasukulu amene ali ndi foni akhoza kukuikani inu pa ndege musanafikeko n'komwe ku bwalo la ndege.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti kufunsa tinakusandutsa mwano. Wotumiza chithunzi akakhala wa kutchalitchi, kapena wovala jekete, timaopa kumufunsa kuti chinajambulidwa liti, kuti, ndi ndani. Timaopa kuti atiyesa osayamika. Pogula tomato pamsika timatembenuza aliyense kuona ngati sanaole, koma mwana wathu timamupereka chifukwa cha chithunzi chimodzi chimene sitinachikulitse n'komwe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kulitsani chithunzicho. Onani mithunzi, zikwangwani, zovala, tsitsi. Chifufuzeni pa intaneti, ndipo ngati simudziwa, pemphani amene amadziwa. Koposa zonse, nenani kuti mukufuna kumva mawu a mwana wanu, ayankhe funso limene inu nokha ndi iye mumalidziwa. Munthu woona mtima sangakane zimenezo. Ndipo taonani, chimene chinatsegula maso a amake Lute sichinali luso langa la pa foni ayi, chinali chovala cha m'nyumba mwawo momwe.

Lachitatu tinapita limodzi kupolisi, tinasiya zithunzi zonse zitatu. Foni ya bambo uja inasiya kulowa tsiku lomwelo. Lachisanu Tisa anali pakhomo, akusesa. Koma ndamva kuti ku makomboni a Kanyama ndi George kuli makolo ena amene analandiranso zithunzi za ana awo ali pafupi ndi dziwe losambiramo, ndipo sindikudziwa ngati basi ija inanyamuka yopanda atsikana.

Pamene ndikulemba izi, diresi lija likadali pa chingwe. Linauma kalekale, fumbi layamba kulidetsa, koma amake Lute akukana kuti lichotsedwe.

Inu amene muli ndi mwana kunja, mwaona zithunzi zake zambiri, ndikudziwa. Mawu ake munawamva liti?